Phunziro la za umoyo: mankhwala a TB atha, koma chifuwa sichikutha

Amayi anzanga, poyendera odwala ku Ntaja, Liwonde kapena Ulongwe timapeza anthu amene anamaliza miyezi 6 ya mankhwala a chifuwa chachikulu, koma akutsokomolabe, ndipo akangoyenda pang'ono amabanika. Achibale amati walodzedwa, ena amati ankadumphitsa mankhwala. Nthawi zambiri si choncho. Tizilombo ta TB timafa, koma timasiya zipsera m'mapapo, ndipo timachubu ta mpweya timakula n'kumasunga makhololo. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth, wofalitsidwa mu 2020, anaunika anthu 405 omaliza mankhwala. Mwa anthu 10 alionse, 6 anali akudandaulabe m'chifuwa.

Kunja kuli nthenda yobadwa nayo yotchedwa cystic fibrosis, imene makhololo olimba amawononga mapapo pang'onopang'ono. Zikafika poipa, ena amawaika mapapo a munthu wina. Opaleshoniyi kwathu kuno sichitika, koma ku Johannesburg ndi Cape Town imachitika. Chimene ndikufuna titengepo n'chakuti madokotala kumeneko amayamba kukambirana ndi wodwala za kutumizidwa akadali ndi mphamvu. Sadikira kuti mpweya uthe.

Ife timachita zosiyana. Pa zaka zanga za unamwino ndinaona makalata otumizira odwala atasungidwa m'Baibulo miyezi itatu, banja likudikira kukolola. Wodwalayo pofika ku chipatala chachikulu, miyendo inali itatupa kale, mtima utatopa.

Choncho wotsokomolabe abwerere kuchipatala ndi buku lake, akayezetsenso makhololo, chifukwa TB imatha kubwereranso. Asamangogula Bactrim kugolosale. Akamutumiza ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, ngakhale ku Zomba Central, apite sabata yomweyo. Ngati chavuta ndi thiransipoti, tisonkhe pa msonkhano wathu. Mmodzi wa ife amuperekeze, akafunse dzina la nthendayo ndi tsiku lobwereranso, ndipo adokotala alembe m'bukumo. Akakhosomola magazi, ulendo wake ndi wa tsiku lomwelo.

Kunyumba asiye fodya, asakhale m'khitchini ya utsi, ndipo azitulutsa makhololo m'mawa uliwonse. Mwana amene sakukula, amadwala chifuwa pafupipafupi, chimbudzi chake n'chamafuta ndipo khungu lake limamveka mchere mukamupsompsona, zonsezi kawauzeni adokotala, pakuti cystic fibrosis imapezekanso mwa ana a mu Africa.