Kompyuta Sidziwa Chichewa, Wodziwa Ndi Iwe

Iwe amene watsegula kashopu kotayipira pa Kamuzu Road kapena ku Senga Bay, ntchito suzisowa: makhadi a ukwati, mapologalamu a maliro, timabuku ta kwaya, masatifiketi a misonkhano ya m'mahotela a kunyanja. Koma kuloweza mabatani a InDesign, Publisher kapena CorelDRAW sikutanthauza kuti wadziwa kuyala mawu patsamba.

Mapologalamu a pakompyuta amenewa amadula mawu kumapeto kwa mzere potsata Chingerezi. Ukawalekerera akulembera "nsom-ba" ndi "cham-bo", pomwe ife timapumira pa lembo la liwu: "nso-mba", "cha-mbo". Choopsa kwambiri n'kulekanitsa ng' wa mu "ng'ona", n kumtunda, g kumunsi. Zimitsa kudula mawu kwa makina, udule wekha pofunika. Mawu athu ndi ataliatali. Ukawapanikiza m'danga lopapatiza n'kuwawongola mbali zonse ziwiri, mzere umatsala ndi mipata ngati ukonde wong'ambika. Kulitsa danga, kapena wongola kumanzere kokha.

Usanakonde fonti, ilembetse ŵ. Mafonti ambiri okongoletsa alibe chilembochi, ndipo kasitomala wofuna "Malaŵi" amalandira kabokosi pakati pa dzina la dziko lake. Mafonti awiri akwana patsamba: ya mitu ndi ya nkhani. Usakankhe mawu ndi spacebar. Konza style ya ndime kamodzi, kuti mwini ntchito akasintha maganizo madzulo usachezere usiku.

Kabuku ka A4 wopinda pakati kamayenda ndi masamba 4, 8, 12, 16. Werengeratu, usadzadabwe ndi tsamba lopanda kanthu. Potumiza ntchito ku Lilongwe kokasindikiza zambiri, tumiza PDF yokhala ndi mafonti ake m'kati. Ndipo chala chizolowere Ctrl+S, magetsi salaira akamathima.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindikiza tsamba limodzi, uliwerenge mokweza ndi cholembera m'manja, chifukwa maso amanama pa sikirini. Ngati ndi pologalamu ya maliro, wachibale aŵerenge yekha dzina la malemu, mudzi, mfumu ndi zaka, asayine papepalapo, kenako usindikize zonse. Anamfedwa saona zoti maluwa a m'mphepete apendama, koma dzina la mayi awo likalakwika sadzabweranso pashopu pako, ndipo adzauza mudzi wonse.