Musanatchule mtengo wa mphasa kapena mkeka

Mu June 2013, kapeti yakale ya ku Persia inagulidwa pa madola 33.7 miliyoni ku Sotheby's mumzinda wa New York. Kumeneko chinthu chikamakalamba mtengo umakwera. Kwathu kuno ayi. Mphasa ikatopa imachoka kuchipinda n'kukayanikira ufa, mawa lake mwaipeza yatchinga khomo la bafa. Choncho inu amene mukuoda kapena kugulitsa mphasa ndi mikeka pa Kamwendo, Kapiri, Mkanda kapena pa Boma ku Mchinji, dziwani kuti chomwe mukugulitsa ndi manja a mmisiri, osati zaka.

Choyamba, yalani. Mphasa yopinda sigulidwa, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mukayala, yendetsani chikhatho pamwamba. Bango lokhwima ndi lopalidwa bwino limaterera, pomwe lanthete limanyala n'kusiya mipata. Kenaka iimikeni moyang'ana dzuwa. Kuwala kukamadutsa ngati m'sefa, msoki anathamanga.

Pamene pagona mtengo weniweni ndi pa chingwe. Ogula makapeti a ku Iran amatembenuza n'kuwerenga mfundo za ulusi. Inu werengani mizere ya chingwe chomwe chasoka bango, ndipo yezani ndi zala mpata wa pakati pa mzere ndi unzake. Mizere ikathithikana, mphasayo ipirira kupinda ndi kuyala kwa tsiku ndi tsiku. Ikatalikirana, bango liyamba kusweka pakati mvula isanabwere kawiri. Kokani pang'ono m'mphepete. Chingwe cha khonje chopotedwa bwino sichilola, ndipo mfundo zomalizira zisakhale zolendewera. Pa mkeka wa mlaza, onani polumikiza malamba ake oluka, chifukwa ndi pomwe umayambira kumasuka. Ngati ndi wa mitundu, pukutani ndi kansalu koyera konyowa. Utoto ukatsala pansalu, udzatsalanso pa chitenje cha wogula, ndipo sadzabwereranso kwa inu.

Nunkhizaninso. Fungo la chuku likutanthauza kuti katunduyo ananyowapo. Gwedezani: kukagwa kaufa, ndiye kuti wafumbwa. Wotere musiyeni ngakhale amutsitse motani.

Tsopano masamu. Amisiri ambiri amawerengera chingwe ndi thiransipoti basi, bango n'kumati ndi laulere poti anadula okha kudambo. Kumeneko ndiye kudzibera. Werengani masiku onse: lodula, losenza, ong'amba ndi kuyanika, ndi osoka. Tsiku lililonse lipatseni mtengo wa ganyu wa m'dera lanu. Onjezerani chingwe, utoto, kabaza ndi tikiti ya khonsolo ya pamsika. Chotulukacho ndiye pansi penipeni, posayenera kupyola. Potchula mtengo kwezani pang'ono, poti wogula wa kwathu sachoka osanenerera. Wina akakuuzani kuti mkeka wa pulasitiki ndi wotchipa, musakangane naye. Muuzeni akhalepo masana a mu Okutobala.

Katundu wotsala musamugoneke pansi. Mukwezeni pathandala kapena kumitanda ya denga, kutali ndi chiswe ndi chinyezi, ndipo muzimuyanika kawirikawiri. Nyengo yabwino yogulitsa ndi pamene anthu akolola, ndalama za mtedza, soya ndi fodya zili m'matumba, maukwati ndi zinamwali zili ponseponse. Mu Januwale, anthu akusaka ufa ndi feteleza, mudzangopsa ndi dzuwa.

Ngati mukuloza ku Chipata m'dziko la Zambia, dutsani pachipata cha Mchinji-Mwami, chomwe kuyambira mu Disembala 2022 chimagwira ntchito ngati malo amodzi a mayiko onse awiri. Pansi pa COMESA pali ndondomeko yopepukitsira amalonda ang'onoang'ono omwe katundu wawo sapyola madola 2,000, koma imakhudza zinthu zokhazo zomwe zili pamndandanda umene Malawi ndi Zambia anagwirizana. Musanamange mtolo, pitani mukafunse kwa a bungwe lotolera misonkho la MRA ngati mphasa ndi mikeka zilipo, komanso mapepala omwe afunike. Njira zozemba zimaoneka zachidule mpaka tsiku lomwe mwalandidwa njinga ndi katundu yemwe.

Ndipo mukawoloka, samalani ndi mawu oti "kwacha". Ndalama zonse ziwiri dzina ndi limodzi koma mphamvu n'zosiyana kwambiri, makamaka chigwetsereni yathu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Funsani mtengo wosinthira wa tsikulo musanayale katundu, ndipo wogula akati "ndikupatsani mwakuti", mufunseni kuti akunena kwacha ya dziko liti.