Lamya ya M'manja

Kale munthu akafuna kumva za mbale wake wakutali ankalemba kalata, ndipo yankho linkatenga masabata. M'chaka cha 1973, Martin Cooper wa ku America anaimba lamya ya m'manja yoyamba. Inali yolemera kuposa kilogalamu imodzi. Lamya za lero zimakwana m'thumba la malaya, ndipo zimajambula zithunzi ndi kutumiza ndalama.

Anthu amasiyana maganizo pa zipangizozi. Alimi amaziyamikira chifukwa amadziŵa mtengo wa mtedza asananyamuke kupita ku msika. Amayi amati mwana akadwala usiku amaitana galimoto msanga. Koma agogo ena amadandaula kuti adzukulu samveranso nthano madzulo, ndipo alendo akafika saŵalonjera poti maso ali pa lamya. Aphunzitsi nawonso amachenjeza za akuba amene amatumiza mauthenga abodza ofunsa nambala yachinsinsi. Nambala imeneyi sauza munthu.

Lamya ili ngati moto. Moto umaphika nsima, koma ukaulekerera umatentha nyumba.

Mafunso
1. Kodi alimi amayamikira lamya chifukwa chiyani?
2. Nanga agogo amadandaula zotani?