Njere za thonje zimafoola nkhunzi

Alimi a ku Kachulu ndi Jali, samalani podyetsa ziweto njere za thonje. Njerezi zili ndi mafuta ambiri, komanso muli mankhwala achilengedwe otchedwa gossypol, omwe amafoola mbewu ya umuna.

Ku China m'zaka za m'ma 1950 kunadziwika kuti abambo odyera mafuta a thonje osayenga ankalephera kubereka. M'ma 1970 gossypol anayesedwa ngati njira yolera ya abambo, koma ena sanaberekenso ngakhale atasiya kumwa.

Choncho nkhunzi ndi atonde okwera muziwapatsa udzu ndi madeya. Za muyeso wa njerezi funsani alangizi a ziweto. Pophika, gwiritsani ntchito mafuta oyengedwa kufakitale, poti gossypol amachotsedwamo.