Pojambula nyanja: thambo lisapse, bwato lisade

Amene mumagulitsa makadi a zithunzi, makalendala ndi zithunzi za m'mafelemu ku Chembe, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay, sabata ino nkhani ndi yanu. Nanunso eni malo ogona alendo amene mumatsatsa zipinda pa Facebook ndi pa WhatsApp, khalani pansi tikambirane.

Vutoli mukulidziwa kale. Dzuwa likamalowa ku Cape Maclear, cha kumbali ya chilumba cha Thumbi, maso anu amaona zonse: mitambo yofiira, bwato pamchenga, ukonde, nkhope ya msodzi. Koma mukajambula, foni imakupatsani chimodzi mwa ziwiri. Mwina thambo limatuluka bwino koma bwato ndi msodzi zada bii ngati makala, kapena bwato likuoneka koma thambo layera mbee ngati pepala. Kamera siitha kugwira kuwala kwambiri ndi mdima wambiri pa nthawi imodzi monga limachitira diso. Choipitsitsa n'chakuti pamene payera mbee paja sipakhalanso kanthu. Ngakhale muchepetse kuwala bwanji pokonza, mitambo sibwerera, pamangotsala chigamba chotuwa. Chithunzi chotere mukachitsukitsa, ndalama yapita, ndipo mlendo amangochiyang'ana n'kuchibwezera pa benchi.

Njira yothetsera vutoli si yatsopano. M'zaka za 1856 ndi 1857, wojambula wa ku France, Gustave Le Gray, anatchuka ndi zithunzi za nyanja yamchere zoonetsa mafunde ndi mitambo yomwe, pa nthawi imene anzake ambiri ankapeza thambo loyera lopanda kanthu. Pa zina mwa zithunzizo ankagwiritsa ntchito manegetivu awiri, ina ya thambo ina ya madzi, n'kuwaphatikiza potsuka. Chodziwika kwambiri ndi cha funde lalikulu limene anajambula ku Sète mu 1857. Lero ojambula amaitchula njirayi kuti exposure blending, ndipo zimene iye ankachita ndi magalasi m'chipinda cha mdima, inu mungachite pa foni muli pakhonde.

Ntchito imayambira pamchenga pomwepo. Mukufuna zithunzi ziwiri kapena zitatu za malo amodzimodzi, kamera isanasunthe ngakhale pang'ono. Ngati mulibe choimikapo cha miyendo itatu, tsamiritsani foni pa mwala kapena pa thumba la mchenga, ndipo gwiritsani ntchito kawotchi ka masekondi angapo kuti chala chanu chisaigwedeze. M'mafoni ambiri muli gawo lolembedwa Pro, ndipo mmenemo muli EV, yomwe imaonjezera kapena kuchepetsa kuwala. Jambulani chimodzi pa -2, china pa 0, china pa +2. Nambala imodzi iliyonse imawirikiza kuwala kawiri, choncho cha pa +2 chili ndi kuwala kochuluka ka 16 kuposa cha pa -2. Chakuda chija ndi cha thambo: musadandaule kuti bwato silikuoneka, onetsetsani kokha kuti mitambo ya pafupi ndi dzuwa siyinayere. Chowala chija ndi cha mchenga, bwato ndi anthu. Jambulani mofulumira, chifukwa dzuwa likafika pamadzi kuwala kumasintha pa mphindi iliyonse.

Wina afunsa kuti, nanga HDR ya mu foni ija ntchito yake n'chiyani? Inde, nayo imajambula zingapo n'kuphatikiza yokha, ndipo nyanja ikakhala bata imachita bwino ndithu. Yambani mwaiyesa. Koma imasankha yokha zoti itenge, ndipo mwera ukamaomba miyezi yozizira ija, mafunde ndi mabwato akuvina, nthawi zina imasokoneza. Kuphatikiza ndi manja kumakupatsani inuyo mphamvu yosankha.

Pa foni, Snapseed ndi yaulere ndipo imakwanitsa. Tsegulani chithunzi chowala, sankhani Double Exposure, lowetsani chakuda pamwamba pake, ndipo musunthe mpaka mapiri ndi mzere wa madzi zigwirizane. Kenako kwezani mphamvu yake kuti chiphimbe chapansicho, vomerezani, pitani pa View edits, n'kusankha kaburashi. Ndi burashiyo mumapaka pokhapo pamene mukufuna kuti chakuda chioneke, ndiye kuti pathambo. Amene muli ndi kompyuta, GIMP nayo ndi yaulere ndipo imachita zomwezi ndi layer mask. Photoshop ndi yolipira.

Lamulo limodzi musaliiwale: madzi onse atengeni pa chithunzi chimodzi. Funde limene linali apa pojambula choyamba linali litasweka kale pojambula chachiwiri. Mukasakaniza, pamatuluka thovu la pawiripawiri lomwe aliyense wokulira kunyanja amaliona msanga. N'chimodzimodzi bwato limene lili pamadzi ndi munthu amene akuyenda. Ine nditayesa koyamba, ndinatulutsa bwato la mphuno ziwiri ndi msodzi wa mikono itatu, ndipo ndinaziona zitatsukidwa kale.

Apa ndiye pamene pali nkhani yeniyeni ya malonda, chifukwa kuphatikiza mungakuphunzire tsiku limodzi, koma ndalama zimatayika posadziwa kudzudzula chithunzi chanu chomwe musanapite nacho ku situdiyo. Mukangomaliza kukonza, musachitumize. Chisiyeni mpaka mawa. Diso limene lakhala ola lathunthu pa mitundu yofiira limazolowera, ndipo limapempha kuti muonjezerebe. Mawa lake mudzadabwa kuti munachita kuthira utoto wonsewo ndinu.

Mukachitsegulanso, yambani ndi kuchichepetsa chikhale kakang'ono ngati sitampa. Chikachepa chonchi, mzere woyera wozungulira phiri kapena mutu wa munthu umaonekera poyera. Umabwera pamene burashi sinafike m'mphepete, ndiye kachigawo ka thambo lowala kanatsalira. Ukapyola malire, nsonga ya phiri imada ngati yapsa ndi moto wolusa. Pamzere wowongoka wa madzi n'posavuta. Povuta ndi pa mitengo, pa zilumba monga Domwe, ndi pa anthu oimirira. Pamenepo kulitsani chithunzi, gwirani ntchito pang'onopang'ono, ndipo burashi ikhale ya mphamvu yochepa, monga 25 kapena 50, osati 100.

Kenako dzifunseni kuti chowala kwambiri n'chiti. Pa nyanja yeniyeni, kuwala kumachokera kumwamba. Mtambo umene ukuoneka m'madzi suwala kuposa mtambo weniweniwo, ndipo bwato limene dzuwa lili kumbuyo kwake liyenera kukhala lakudako. Ambiri amene angodziwa kumene njirayi amadetsa thambo kwambiri n'kuwalitsa mchenga ngati masana, mpaka chithunzi chimaoneka ngati usiku kumwamba, masana pansi. Wogula sangathe kufotokoza cholakwikacho, koma amamva kuti pena pake pali bodza. Ine ndimaona kuti ndi bwino bwato lide pang'ono, matabwa ake ndi zingwe zikungoonekera, kusiyana n'kuliwalitsa mpaka lituluke timadontho ngati mchenga. Timadonthoti pa foni sitioneka kwenikweni, koma pa pepala lalikulu timachita kufuula.

Mzere umene madzi amakumana ndi thambo uwongoke. Madzi sapendama, ndipo chithunzi chopendama chikalowa mu felemu ya ngodya zowongoka, kupendamako kumaonekera kawiri. Kuwongola kumadya m'mphepete, choncho pojambula musiye malo okwanira. Yang'ananinso timathotho tozungulira pathambo: nthawi zambiri amakhala madzi a mafunde amene anagwera pa galasi la kamera. Kansalu kofewa kam'thumba kamapulumutsa zambiri.

Mukatha kudzudzula nokha, muonetseni munthu amene si m'bale wanu. Amayi anu anena kuti n'chokongola. Muonetseni mnzanu wogulitsa ziboliboli amene amaona tsiku ndi tsiku zimene alendo amanyamula ndi zimene amasiya, ndipo musamufunse ngati chili bwino. Mufunseni kuti diso lake layamba kugwera pati. Akati pa bwato kapena pa dzuwa, mwakhoza. Akati pa botolo la pulasitiki lili pangodya, mwaona nokha chochita.

Kwa a malo ogona alendo, chenjezo langa ndi ili: kuphatikiza zithunzi ziwiri za mphindi imodzi, malo amodzi, n'kubwezera zimene diso linaona. Koma kutenga thambo la ku Cape Maclear n'kuliika pa gombe la ku Senga Bay ndi nkhani ina. Senga Bay inayang'ana kum'mawa. Kumeneko dzuwa limatuluka m'madzi, sililowamo. Mlendo amene walipira chipinda kuti adzaone dzuwa likumira panyanja adzakhala pakhonde madzulo, dzuwa n'kumulowera kumsana, ndipo zimene adzalembe pa intaneti zidzakhalitsa kuposa chithunzi chanucho. Gulitsani m'bandakucha wanu, nawonso ndi katundu. Ndipo ngati nkhope ya msodzi kapena ya mayi wochapa ikuoneka bwino pa khadi logulitsa, yambani mwapempha ndi kugwirizana nawo. Ana osamba asiyeni, musawajambule.

Potsukitsa, kumbukirani kuti foni imadziwalira yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa pamalo. N'chifukwa chake chithunzi chimatuluka chakuda kuposa mmene munkachionera. Pokonza, musakweze kuwala kwa sikirini mpaka kumapeto. Pa khadi la mainchesi 4 kwa 6 mukufunika mapikiselo 1200 kwa 1800 kuti chituluke chosalala, ndipo pa A4 pafupifupi 2480 kwa 3508. WhatsApp imafinya zithunzi, choncho potumiza ku situdiyo sankhani Document, kapena pitani nacho pa fulashi. Ndipo ngakhale a situdiyo akuuzeni kuti mtengo umatsika mukatsukitsa zambiri, yambani ndi chimodzi. Tulukani nacho panja, muchiyang'ane pamthunzi ngati wa pa benchi yanu, ndipo mukakhutira ndi mitambo, m'mphepete mwa phiri ndi matabwa a bwato, bwererani mukaitanitse 50 zija.