OPHUNZIRA ZA ANTHU ANZAO

Masiku a makedzana m'mudzi uli wonse munali anthu odziwa zonse za mudziwo. Nyakwawa ndi akulu anzace anadziwa mwini wace wa munda uli wonse ndi dimba liri lonse, anadziwa amene anakwatira kwa uje, ndi mlandu wakale umene unaletsa mabanja awiri kudyera mbale imodzi. Nzeru imeneyi sinalembedwe m'buku ai. Inali m'mitu ya akulu, ndipo inakwanira, pakuti mudzi unali waung'ono, ndipo mwana anali kukula nakhala monga anakhalira amalume ace.

Koma m'caka ca 1898 asilikari a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, natenga ng'ombe zao zambiri. Posacedwa kunadza msonkho, umene unali wolipa ndi ndalama, osati ndi mbuzi kapena cimanga. Cotero amuna anamanga akatundu ao, nayenda pansi ulendo wa milungu kunka ku Harare ndi ku migodi ya kumwera. Njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe, m'caka ca 1906. Ndipo pakati pa 1931 ndi 1939 migodi yaikulu ya ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga inayamba kutulutsa mkuwa. Tsono nyakwawa uja, amene kale anadziwa zonse, sanathenso kunena kumene anyamata ace ali, cimene ali kudya, kapena munthu amene ali kuwaweruza milandu. Ena anabwera ndi njinga ndi nsaru za akazi ao. Ena anasanduka machona, osamvekanso.

Zinthu zikasinthika msanga cotere, pafunika anthu amene nchito yao ndiyo kufufuza kakhalidwe ka anthu, monga momwe dotolo afufuzira thupi, kapena mlangizi wa zaulimi afufuzira nthaka. Maphunziro amenewa ali ndi nthambi zingapo. Ena afufuza mbiri ya zakale. Ena ayang'ana za cuma, ndiko kuti momwe anthu apezera ndalama ndi momwe azimwazira. Ena aphunzira za ulamuliro ndi maweruzo. Ena awerenga anthu, kuti adziwe obadwa, akufa ndi osamuka. Ndipo alipo ena amene akhala pakati pa anthu a mtundu umodzi caka cathunthu kapena zaka ziwiri, naphunzira cinenero cao, nadya nsima yao, nakhala nao pa maliro ndi pa bwalo la milandu. Nthambi iyi dzina lace ndi anthropology. Mbale wace amene ayang'ana makamaka anthu a m'mizinda yaikulu ndiye sociology, ngakhale malire a ziwirizi saoneka bwino.

Wina angafunse kuti, kodi nchito yotere isiyana bwanji ndi miseche ya pa mtondo? Isiyana pa ici: wa miseche amva kwa munthu mmodzi nakhulupirira, koma wofufuza afunsa anthu ambiri funso lomwelo, alemba mayankho tsiku lomwelo, awerenga, ndipo alinganiza zimene anthu anena ndi zimene awaona alikucita. Pakuti kawiri-kawiri ziwirizi sizigwirizana. Mkulu angathe kunena kuti mwambo wa kwao ndi wakuti mwamuna akhale cikamwini, koma wofufuza powerenga nyumba za m'mudzimo apeza kuti akazi ambiri anatengedwa citengwa. Zonse ziwiri azilemba. Nchito iyi siifuna munthu wa phuma. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Dziko la Zambia liri ndi mbiri yaikulu pa maphunziro amenewa. M'caka ca 1937, dzikoli liri kuchedwa Northern Rhodesia, ku Livingstone kunakhazikitsidwa nyumba ya kafukufuku yochedwa Rhodes-Livingstone Institute, ndipo mkulu wace woyamba, Godfrey Wilson, anayamba nchito m'caka ca 1938. Masiku amenewo Boma ndi eni migodi anali ndi ganizo lao lokhazikika. Iwo anati munthu wakuda m'tauni ndi mlendo cabe. Adzagwira nchito miyezi yowerengeka, nadzabwerera kumudzi, kumene kuli mkazi wace, munda wace ndi mfumu yace. Cifukwa ca ganizo limeneli malipiro ndi phoso zinayesedwa monga za munthu mmodzi, nyumba za m'komboni zinamangidwa zazing'ono, ndipo za ukalamba wa wanchito panalibe wozisamala.

Wilson anapita ku Broken Hill m'zaka za 1939 ndi 1940, nalowa m'makomboni, nafunsa amuna mmodzi-mmodzi caka cimene anacoka kwao, ndi miyezi imene anakhala kumudzi ciyambire pamenepo. Atawerenga anapeza kuti pafupi-fupi amuna 7 mwa 10 ali onse anali atakhalitsa m'tauni koposa kumudzi, ndipo ambiri anali ndi akazi ndi ana komweko. Ganizo la Boma linali lolakwa, ndipo kulakwa kwace kunali kugonetsa ana ndi njala. Anaonanso kuti gawo lalikulu la malipiro linali kuthera pa zobvala. Azungu ena anayesa cimeneci kupusa, koma Wilson anaonetsa kuti nsaru zinali cuma ca munthu: anali kuzisunga m'bokosi, kuzitumiza kwa abale monga mphatso, ndi kupeza nazo ulemu m'mudzi wa alendo okha-okha. Akulu a mgodi sanakondwe kuona Mzungu alikukhala pansi ndi anchito ndi kuceza nao ngati anzace, ndipo anamletsa kulowanso m'komboni. Iye anasiya nchitoyo m'caka ca 1941, ndipo Max Gluckman, amene anaphunzira za Alozi, analowa m'malo mwace.

Ku Luanshya eni mgodi anaika m'caka ca 1931 akulu a mitundu, kuti Mbemba akhale ndi mkulu wa Cibemba, Mngoni ndi mkulu wa Cingoni, monga kumudzi. Pa milandu ya ukwati ndi ndeu za m'komboni akuluwa anathandiza ndithu. Koma m'caka ca 1935, pamene msonkho wa anthu a m'tauni unakwezedwa, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya anakana nchito. Ku Luanshya anthu 6 anaphedwa ndi mfuti, ndipo akulu a mitundu aja anathawira mu ofesi ya komboni, pakuti panalibe wowamvera. M'caka ca 1949 anchito a m'migodi anapanga bungwe lao limodzi, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu, ndipo m'caka ca 1953 anabvota, pafupi-fupi onse, kuti akulu a mitundu acotsedwe. A. L. Epstein, amene anafufuza nkhani imeneyi, anaona kuti pa za malipiro anthu sanayang'ane mtundu wa mnzao, pakuti mwala wa pansi pa mgodi sufunsa kuti uli kugwera Mlozi kapena Mnsenga.

Kodi tsono mitundu inatha m'tauni? Iai. Clyde Mitchell anapenyerera gule wochedwa kalela, amene anyamata a Cibisa anali kubvina ku Luanshya Lasabata masana. Ng'oma zao zinali za migolo yaikulu ya mafuta yokutidwa ndi cikopa. Obvinawo anali anchito wamba a malipiro ocepa, koma pa bwalo anafika ndi mathalauzi ositidwa bwino ndi nsapato zopukutidwa. Anali ndi mfumu yao yobvala suti, ndi dotolo ndi namwino obvala zoyera, amene sanacize munthu ali yense. M'nyimbo zao anatama dziko la kwao, naseka mitundu ina. Mitchell analemba za guleyu m'caka ca 1956, nati zobvalazo zionetsa ulemu umene anyamatawo anaulakalaka, ndipo nyimbozo zionetsa kuti mtundu m'tauni wasanduka cinthu cina: suli mudzi ndi nyakwawa, koma ndiyo njira yodziwira mlendo, kuti uyu ndi wakwathu, uyu ngwoseka naye, uyu ngwocenjera naye. Cimbuya ca Angoni ndi Abemba cifotokoza bwino zimenezi. Makolo ao anathirana nkhondo. Koma adzukulu ao, pokhala kutali ndi kwao kopanda adzukulu a maliro, anayamba kuikirana akufa ndi kunyozana mwa nthabwala, ndipo mwambowo ulipobe.

Ku midzi nako ofufuza anapeza zosiyana-siyana. Audrey Richards, amene anakhala pakati pa Abemba kuyambira 1930, anaona kuti ulimi wa citemene ufuna amuna okwera m'mitengo kukasadza nthambi. Amuna atapita ku migodi, nkhokwe zinacepa. Koma William Watson, m'buku lace la 1958, anaonetsa kuti Amambwe, anansi ao a kumpoto, sanasauke cotero, cifukwa akazi anatha kulima minda ya m'cipala ca udzu ndi makasu, ndipo amuna apacibale anali kupita ku nchito mosinthana. Cinthu cimodzi, zipatso ziwiri. Kum'mawa John Barnes anaphunzira za Angoni a ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata, ndipo Max Marwick, pokhala pakati pa Acewa, anapeza kuti munthu kawiri-kawiri sanenera ufiti mlendo, koma mbale wace wa mbumba imodzi amene alimbana naye za ng'ombe kapena za unyakwawa.

Nkhani yolemera koposa zonse ndiyo ya Atonga a m'cigwa ca Gwembe. Maboma atapangana kutseka mtsinje wa Zambezi pa Kariba kuti apange magetsi, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder anapita m'cigwamo m'caka ca 1956, madzi asanakwere, nalemba maina a anthu a m'midzi ingapo, minda yao, ziweto zao ndi cibale cao. Anthu a m'mbali mwa mtsinje anali kukolola kawiri pa caka, pakuti madzi osefukira akaphwa anasiya nthaka yonyowa ndi yacajira. Anthu okwanira 57,000 a matsidya onse awiri anauzidwa kusiya minda imeneyi pamodzi ndi manda a makolo ao. Ena a kwa Mfumu Chipepo anakana kusamukira ku Lusitu, ndipo mu September 1958 apolisi anaombera, napha amuna 8. Khoma linatsekedwa mu December caka comweco. Manyuzi a maiko akutali anadzala ndi zithunzi za nyama zopulumutsidwa pa zisumbu. Za anthu analemba pang'ono.

Colson ndi Scudder anabweranso m'caka ca 1962, nabwerabe kawiri-kawiri kwa zaka zoposa 40, kufunafuna anthu omwe aja ndi ana ao. Popeza anali ndi zolemba za poyamba, anatha kulinganiza. Anapeza kuti zaka zoyamba zinali za njala ndi matenda, ndipo ku Lusitu kunafa akazi ndi ana ambiri. Anapeza kuti akazi amene kale anali ndi minda yao-yao ya colowa anaitaya, pakuti minda yatsopano inayesedwa ya amuna amene anaswa mphanje. Anthu analeka kukhulupirira anyakwawa amene anabvomera kusamuka, ndipo abale anakangana. Pambuyo pace kunadza zaka zabwinopo za usodzi pa nyanja yatsopano. Koma ana atacuruka, nthaka yosauka ija inalephera kuwadyetsa. Magetsi anapita ku migodi ndi ku mizinda, ndipo midzi yambiri ya osamukawo inakhalabe mu mdima zaka makumi. Zolemba zimenezi zinawerengedwa kutali. M'caka ca 1980 World Bank, imene inakongoza ndalama zomangira Kariba, inaika malamulo a kasamalidwe ka anthu osamutsidwa, ndipo Scudder anakhala mmodzi wa bungwe lofufuza za madamu a dziko lonse lapansi kuyambira 1998 kufikira 2000. Colson anamanga nyumba yace pafupi ndi Monze, namwalira komweko m'caka ca 2016, ali ndi zaka 99.

Pa zikuto za mabuku onsewa pali maina a Azungu. Koma amene anayenda khomo ndi khomo m'makomboni, namasulira mau, nalemba nyimbo ndi milandu, ambiri anali anyamata a dziko lomwelino ophunzira ku sukulu za mishoni. Nyimbo za kalela anazilemba ndi Sykes Ndilila. Popanda anthu otere mabukuwo sakadalembedwa, ndipo ulemu umene analandira unacepa. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, nyumba ija inalowa m'manja a University of Zambia, dzina lace linasinthidwa, ndipo ana a dzikoli anayamba kulemba m'maina ao.

Ofufuza akale ambiri anayesa kuti mizinda idzangokulirakulira, koma ici naco cinayenera kuyesedwa ndi ciwerengero. Mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, ndipo anchito ambiri a ku Migodi anacotsedwa. Kalembera wa 1980 anapeza anthu pafupi-fupi 40 mwa 100 ali onse ali m'matauni, koma wa 2000 anapeza 35 okha. Amuna obadwira m'komboni anapita kukapempha minda ku midzi imene sanaidziwe, kwa abale amene sanawatumizire kanthu. Pa kalembera wa 2022, pamene anthu a m'Zambia anaposa 19 miliyoni, a m'matauni anali atapitiriranso 40 mwa 100.

MAFUNSO

1. Kodi wofufuza asiyana bwanji ndi munthu wa miseche?
2. Cifukwa ninji akulu a mitundu anathandiza pa milandu ya ukwati, koma analephera pa nkhani ya msonkho ndi malipiro?
3. Colson ndi Scudder akadafika ku Gwembe madzi atakwera kale, ndi ziti zimene sakadazidziwa?
4. Funsani akulu a nyumba 10 za kwanu kumene anabadwira ndi kumene ana ao ali tsopano. Lembani mayankho ao, ndipo muwalinganize ndi a anzanu a m'kalasi.