Phunziro: Za mumtima ndi za m'kaundula wa mpingo

Tsegulani makope, ana inu. Lero tisiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri a inu mumazisakaniza pa mayeso: moyo wauzimu wa munthu payekha, ndi chipembedzo cha gulu chokhala ndi dongosolo lake.

Moyo wauzimu ndi zochitika pakati pa munthu ndi Mulungu wake, popanda mboni. Mayi akadzuka mbandakucha n'kupemphera chamumtima asanakoleze moto, palibe mlembi wa mpingo amene amazilemba m'buku. Chipembedzo chimabwera pamene chikhulupiriro chakhala cha anthu ambiri. Pamenepo pamakhala atsogoleri, masiku osonkhana, kaundula wa mayina, khadi la zopereka, ndi bwalo loweruza wolakwa. Ku CCAP, akulu a mpingo akakhala pa sesheni angathe kumudula munthu kuti asadye mgonero. Kumuletsa kupemphera sangathe. Zimenezo dulani mzere kunsi.

Tiyeni ku Nkhata Bay kuti muone bwino. Amishoni a Livingstonia, amene anafika m'dziko muno mu 1875, sankabatiza munthu chifukwa chongonena kuti wakhulupirira. Ankayamba wakhala m'kalasi ya omvera, kenako m'kalasi yokonzekera ubatizo, n'kufunsidwa mafunso, khalidwe lake likuyang'aniridwa. Zinkatenga zaka. Amishoniwo anali ndi chifukwa chawo, musawaseke: ankaopa kudzaza tchalitchi ndi anthu osadziwa chimene alowera. Koma taganizani za munthu amene mumtima mwake anatembenuka kalekale, pamene m'buku akadali wakunja.

Mu 1908 kunabwera Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira kwa amishoni omwewo, atakumana ndi Joseph Booth ku Cape Town n'kulandira chiphunzitso cha Watch Tower. Iye sankadikiritsa munthu. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000, ndipo boma la atsamunda linachita mantha n'kumuchotsa m'derali mu 1909. Ine ndimaona kuti khamu lija silinathamangire chiphunzitso chatsopano chokha. Ambiri anali atatopa kudikira kuti kaundula avomereze zimene mtima unavomera kale.

Tsono chenjerani apa, pakuti ndi pamene mumagwera. Musalembe kuti Kamwana anathetsa chipembedzo cha gulu. Atabwerako mu 1937 anakhazikitsa mpingo wake wa Mlonda, wokhala ndi atsogoleri ndi malamulo akeake. Anthu akangoyamba kusonkhana, wina ayenera kusunga ndalama, wina ayenera kunena tsiku la mapemphero, ndipo posakhalitsa wina amayamba kunena kuti uyu ndi wathu, uyu si wathu.

Iwe kumbuyoko wanena kuti dongosolo linabwera ndi azungu? Iyayi. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kachisi wa Mbona anali ndi omutumikira ake, miyambo yokhwima ya kalowedwe m'nkhalango, mkazi wa Mbona wotchedwa Salima, ndi mafumu otumiza nsembe popempha mvula. Chimenecho ndi chipembedzo cha gulu chenicheni. Nkhalamba yothira ufa patsinde pa mtengo, ikudandaulira mzimu wa malemu amayi ake za mwana wodwala, ndiyo ili pafupi ndi zija za payekha.

Ntchito ya mawa: funsani agogo kapena aliyense wamkulu kwanu kuti anakhala nthawi yaitali bwanji m'kalasi asanabatizidwe, kapena ku madrasa ngati ndi Msilamu, ndipo ndani anagamula kuti wakwanira. Mulembe tsamba limodzi, osapitirira.